Momwe mungafikire ku Chiswick House ku London osasochera, ndi zoti mukaone

Alendo ambiri akabwera ku London amathera ku Hyde Park kapena ku Kew Gardens. Ku Kew n'kokongola ndithu, koma pakhomo n'polipira, ndipo mukapita banja lonse thumba limamva. Chapafupi pomwepo, kumadzulo kwa mzindawu, kuli munda wa Chiswick House, wa maekala 65, ndipo kulowa m'mundamo ndi ulele tsiku lililonse kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka kukamada. Nyumba yake anaimanga Lord Burlington ndipo inatha mu 1729. Mundawo anaukonza ndi mnzake William Kent, amene anayamba kusiya mizere yowongoka ya minda ya nthawi imeneyo n'kumakonza mtsinje wokhotakhota ndi kapinga wotsetsereka ngati zachilengedwe. Malowa ndi oyenera tsiku lathunthu, koma chovuta chake chili pa kafikidwe.

1. Sankhani tsiku

Munda umatsegulidwa chaka chonse, koma nyumbayo ndi dimba la ndiwo zamasamba zili ndi masiku ake, makamaka miyezi yofunda, ndipo kumeneko n'kolipira. Yang'anani pa webusaiti ya Chiswick House and Gardens Trust musananyamuke, chifukwa nthawi zina mbali ina imatsekedwa kukakhala ukwati, chikondwerero kapena ntchito yokonzanso. Matikiti gulani pa webusaitiyo kapena pakhomo. Pa intaneti pali masamba ena ogulitsa maulendo amene amaika mtengo wawo pamwamba. Amenewo atalikireni.

Mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo zipata zimatsekedwa motsatira mdimawo. Mukapita m'nyengo yozizira, fikani m'mawa.

2. Ulendo wake, ndipo pano werengani mofatsa

Pa mapu a sitima zapansi pali siteshoni yotchedwa Chiswick Park. Musatsike pamenepo. Dzinalo limanyenga anthu ambiri, koma siteshoniyo ili cha kumpoto, kutali ndi munda, ndipo mukafunsa odutsa kuti Chiswick Park ndi kuti, ena akulozerani ku malo a maofesi a dzina lomwelo. Pa foni lembani dzina lonse, Chiswick House and Gardens, kapena W4 2RP.

Njira yosavuta ndi sitima ya South Western Railway yochokera ku Waterloo, yodzera ku Clapham Junction, Putney ndi Barnes Bridge, n'kutsika pa siteshoni yongotchedwa Chiswick. Onetsetsani pa bolodi kuti Chiswick ili pa mndandanda wa masiteshoni, chifukwa njanji imagawikana pa Barnes ndipo sitima zodzera ku Mortlake ndi Richmond sizipita kumeneko. Mukatsika, tsatani Burlington Lane mphindi ngati 10, mufika pachipata.

Ngati mukubwera pa sitima yapansi, kwerani District line mutsike pa Turnham Green. Apanso pali misampha iwiri. Woyamba uli pa Earl's Court: sitima yolembedwa Richmond kapena Ealing Broadway ndi yanu, yolembedwa Wimbledon ikupititsani kwina. Wachiwiri ndi Piccadilly line. Pa mapu imaoneka ngati imaima pa Turnham Green, koma imaimapo m'mamawa kwambiri ndi usiku basi. Masana imangodutsa mothamanga kuchokera ku Hammersmith mpaka ku Acton Town, inu mukuiona siteshoni yanu pawindo. Ngati muli pa Piccadilly, tsikani pa Hammersmith kapena Barons Court. Pamenepo District line imaima mbali inayo ya pulatifomu yomweyo, palibe kukwera masitepe.

Kuchokera pa Turnham Green ndi mtunda wa mphindi 15 mpaka 20 wapansi. Tsikani ndi Turnham Green Terrace mpaka ku Chiswick High Road, khotani kumanja, kenako kumanzere pa Duke's Avenue, pakona pomwe pali tchalitchi cha Katolika. Kumapeto kwa msewu umenewu mukumana ndi A4, msewu waukulu wopita ku Heathrow, womwe magalimoto sapumira. Chonde musayese kuuwoloka pamwamba, makamaka muli ndi ana. Pali njira yapansi pa msewu ya anthu oyenda pansi, ndipo imakutulutsani pafupi ndi chipata. Amene atopa msanga akwere basi nambala 190 pa Hammersmith, kapena E3 yomwe imadzera ku Turnham Green.

Za malipiro: mabasi a ku London salandira ndalama za m'manja kuyambira mu 2014. Gwiritsani ntchito Oyster, khadi lolipirira maulendo ku London, kapena khadi la kubanki longogunditsa, aliyense lake. Mukasintha basi ola lisanathe simulipiranso kachiwiri. Pa sitima gunditsani khadi lomwelo polowa ndi potuluka, apo ayi akudulani mtengo wapamwamba, ndipo pa masiteshoni ang'onoang'ono opanda zotchingira n'posavuta kuiwala. Ana osafika zaka 11 amakwera ulele pa basi, ndiponso pa sitima yapansi akakhala ndi wamkulu. Munthu akakuimitsani panja pa siteshoni kuti akugulitseni tikiti yotsala kapena Oyster "yodzaza kale", mukaneni. Pa galimoto, malo oimikapo amalowera pa A4 mbali yopita kumadzulo, ndi olipira, ndipo galimoto yakale yotulutsa utsi wambiri imalipiranso £12.50 pa tsiku ya ULEZ, msonkho wa utsi wa magalimoto mu London.

3. Yambani ndi nyumba yamagalasi

Ngati ili yotsegula, pitani kumeneko anthu asanachuluke. Inamangidwa mu 1813 ndipo ndi yaitali mamita pafupifupi 90. M'katimo muli mitengo ya maluwa a camellia, ina yobzalidwa cha m'ma 1828, ndipo imaphuka mu Febuluwale ndi Malichi, pomwe panja mitengo yambiri ikadali yopanda masamba. Yang'anitsitsani tsamba lake: lobiriwira moderako, lonyezimira, lokhala ndi timano ting'onoting'ono m'mbali. Amene anakulira ku Thyolo kapena ku Mulanje alizindikira msanga, chifukwa tiyi nayenso ndi camellia, ndi mitengo ya banja limodzi. Funsani ogwira ntchito akuonetseni wotchedwa Middlemist's Red, womwe amati ndi umodzi mwa iwiri yokha yodziwika, winawo uli ku New Zealand. Ngakhale dzinalo likunena zofiira, duwa lake ndi la pinki wakuda. Maluwawa amathothoka athunthu n'kugwera pansi ngati wina wawathyola, koma inu musathyole kapena kugwedeza nthambi, mitengoyi ndi yakale zedi. Panja pake pali munda wa kakonzedwe ka ku Italy wa mu 1814. Oimba a Beatles anajambulira mafilimu a nyimbo zawo m'mundamu mu 1966, n'chifukwa chake mupezapo anthu akujambulitsa.

4. Nyumbayo ndi kuseri kwake

Popita kunyumbayo, dzerani pachipata cha miyala cha katswiri wa zomangamanga Inigo Jones, chomwe anachisamutsa kuchokera ku Chelsea mu 1738. Nyumbayo ndi yaing'ono kuposa mmene imaonekera pa zithunzi. Burlington anatengera nyumba za Palladio, katswiri wa zomangamanga wa ku Italy, ndipo anaimanga kuti azisungiramo zojambula ndi kulandiriramo alendo. Nduna yaikulu ya Britain, George Canning, inamwalirira pa Chiswick House mu 1827, ndipo kuyambira mu 1892 mpaka 1928 panali chipatala cha odwala misala. Ngati mwalipira zolowera, musaphonye chipinda chabuluu cham'mwamba. Kuseri kuli mikungudza ikuluikulu ya ku Lebanon, nthambi zake zogwa mpaka pansi, ndi ziboliboli zoima mozungulira mpanda wa mitengo yometa.

5. Kumadzi

Tsikirani kukachisi kakang'ono kokhala ndi dziwe lozungulira patsogolo, tsatani mtsinje mpaka pamlatho wa miyala wa mu 1774, muwoloke, mubwerere mbali inayo mpaka pamathithi. Kukagwa mvula njira za m'nkhalango zimachita matope, valani nsapato zotseka. Agalu amayenda omasuka m'mbali zambiri, choncho ngati mwana amaopa, khalani m'malo olembedwa kuti agalu salowa.

6. Chakudya ndi pobwerera

Malo ogulitsira tiyi ndi zimbudzi zili pafupi ndi nyumba, koma mitengo yake ndi yokwera, ya ku Chiswick. Tengani kamba wanu, kapinga ndi wokwanira. Nthawi ikatsala, Hogarth's House, nyumba ya wojambula William Hogarth, ili pafupi m'mbali mwa A4 ndipo kulowa ndi ulele. Pobwerera tulukirani ku Burlington Lane mukakwere 190 yopita ku Hammersmith.