Momwe mungatsatire NBA ndi baseball mwezi wa Epulo osagona pantchito

Epulo ndi mwezi wovuta kwa ife amene tinagwidwa ndi masewero a ku America. Basketball ya NBA imakhala ikupita kumapeto, matimu akulimbirana malo a playoffs, ndime yochotsana yopezera katswiri wa ligi, pomwe baseball ya MLB yangoyamba kumene kumapeto kwa Malichi, ndiye foni imangolira usiku wonse, zotsatira mbwee, ukadzuka m'mawa sudziwa kuti uyambire pati. Anzanga angapo a pa gulu lathu la WhatsApp akhala akundifunsa kuti kodi iwe umazitsata bwanji zimenezi poti magemu amaseweredwa ife tili mtulo, ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi.

Choyamba: konzani nkhani ya nthawi

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Malawi ili patsogolo ndi maola 6 poyerekeza ndi New York, Boston, Miami ndi Toronto, nthawi imene pa ma schedule amailemba kuti ET. Koma maola 6 amenewa ndi kuyambira Lamulungu lachiwiri la Malichi pamene iwo amasuntha mawotchi awo, mu Disembala kapena Januwale kusiyana kumakhala maola 7. Chicago, Dallas ndi Houston onjezerani 7, Denver 8, Los Angeles ndi San Francisco 9.

Ndiye gemu ya 7 koloko madzulo ku New York kuno ndi 1 koloko usiku. Ya Lakers kapena Dodgers yoyamba 7 koloko madzulo kwawoko kuno ndi 4 koloko m'bandakucha, ndipo kunena zoona ine ndimakonda zimenezi kuposa za 1 koloko, chifukwa umagona bwinobwino, kudzuka tambala woyamba, kuonera, ikamatha ndi nthawi yothira madzi osamba. Ya 1 koloko ija imakudula tulo pakati, tsiku lonse umangoyasamula ngati wachokera kumaliro.

Chenjerani ndi tsiku. Akalemba kuti gemu ndi Lachiwiri, kwa ife ndi Lachitatu m'mawa. Komanso iwo amayamba ndi mwezi kenako tsiku, 4/10 ndi pa 10 Epulo osati pa 4 Okutobala. Ine ndinadzukapo pakati pa usiku, tiyi nditapanga kale, kupeza kuti gemu ndi mawa lake. App ya NBA ndi ya MLB zimaonetsa nthawi ya pa foni yanu, ndiye ngati foni ili pa nthawi ya Malawi masamu onsewa imakuchitirani yokha, vuto limabwera mukamawerenga pa Facebook kapena pa ma poster a matimu.

Mphatso yathu ndi Lamulungu. Magemu ambiri a baseball tsiku limeneli amayamba cha m'ma 1 koloko masana pa nthawi ya ET, kuno ndi cha m'ma 7 koloko madzulo, mutha kuonera muli ndi mbale ya nsima m'manja.

Chachiwiri: sankhani timu imodzi uku, imodzi uku

Ligi iliyonse ili ndi matimu 30. Timu ya NBA imasewera magemu 82 pa season, ya MLB 162, pafupifupi tsiku ndi tsiku kuchokera kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Seputembala. Palibe munthu wogwira ntchito amene angatsatire zonsezo. Tengani timu imodzi mbali iliyonse, muyiike pa favourites mu app, ma notification a matimu ena onse muzimitse. Ngati simudziwa poyambira, ambiri a ife tinalowa kudzera mwa osewera, ena anatsata Pascal Siakam wa ku Cameroon kuchoka ku Toronto kupita ku Indiana Pacers, ena Joel Embiid ku Philadelphia, ku baseball masiku ano aliyense ndi Shohei Ohtani wa Dodgers amene mu 2024 anamenya ma home run oposa 50 ndikuba ma base oposa 50 season imodzi, zimene palibe anali atachitapo.

Chachitatu: tebulo la NBA muliwerenge ngati mayeso

Mu Epulo tebulo la NBA ndiye nkhani yonse. Iwalani za mapointi atatu ngati ligi yathu kapena ya ku England, kuno kulibe draw, amangowerenga W ndi L, kupambana ndi kugonja. Matimu agawidwa pawiri, Eastern Conference ndi Western Conference, 15 mbali iliyonse, ndipo mizere yofunika ndi iwiri: pansi pa nambala 6 ndi pansi pa nambala 10.

Nambala 1 mpaka 6 alowa playoffs mwachindunji. Nambala 7 mpaka 10 amapita ku play-in, kampikisano kakang'ono kamene kanayamba kuchitika motere mu 2021, ndipo kamayenda chonchi: 7 amakumana ndi 8, wopambana watenga malo a 7. 9 amakumana ndi 10, wogonja azipita kwawo. Kenako amene wagonja pa 7 ndi 8 uja amakumana ndi amene wapambana pa 9 ndi 10, wopambana watenga malo omaliza. Ndiye 7 ndi 8 ali ndi mwayi kawiri, 9 ndi 10 ayenera kupambana kawiri motsatizana. Musaipeputse play-in, Miami Heat mu 2023 inadutsira momwemo, inagonja gemu yoyamba kwa Atlanta, kupulumukira pa Chicago Bulls, kulowa ngati nambala 8, kenako kukafika mpaka ku Finals kumene Denver Nuggets ya Nikola Jokic inawathetsa mankhalu 4-1.

Pali kolamu ina yolembedwa GB imene imasokoneza anthu, imatanthauza kuti timu ili kumbuyo ndi magemu angati. Masamu ake: tengani kusiyana kwa ma W, kuphatikiza kusiyana kwa ma L, gawani ndi 2. Timu ya 50-30 ndi ya 48-32, ndiye 2 kuphatikiza 2, kugawa pawiri, GB ndi 2. Mukaona 1.5 kapena 0.5 musadabwe, zangotanthauza kuti sanasewere magemu ofanana. Ine ndimayang'ana kwambiri kolamu ya L, chifukwa gemu imene sunasewere utha kukaipambana koma imene wagonja yapita basi. Matimu awiri akafanana amayamba ndi kuona kuti pamene ankakumana okhaokha anapambana kwambiri ndani. Ka x kakang'ono pambali pa dzina ndiye kuti malo a playoffs awapeza kale.

Tsiku lomaliza la season matimu onse 30 amasewera, ndipo limenelo musalole munthu akuyitanireni ku zinkhoswe. Mu 2025 linali pa 13 Epulo, Clippers inagonjetsa Golden State Warriors 124-119 mu overtime, gemu imodzi yomweyo inaponya Stephen Curry ndi anzake ku play-in.

Chachinayi: musanakhulupirire zotsatira za NBA, onani kuti anasewera ndani

Sabata ziwiri zomaliza kumachitika zodabwitsa, timu yaikulu kukwapulidwa ndi mapointi 25 ndi timu ya kumchira. Musathamangire kukalemba pa Facebook kuti timu yatha. Tsegulani box score, mndandanda wa amene anasewera ndi zimene aliyense anachita, muone mayina. Timu imene malo ake yawapeza kale imapumitsa akuluakulu ake, ndipo matimu a kumunsi ena safuna nkomwe kupambana chifukwa cha draft, pamene matimu amasankha osewera atsopano: mu 2025 atatu otsiriza anali ndi mwayi waukulu, 14 pa 100 aliyense, wosankha koyamba. Ngakhale nazonso ndi mwayi chabe, mu 2025 Dallas Mavericks inali ndi 1.8 pa 100 yokha koma ndi imene inawina nkutenga Cooper Flagg. Mbali inayi pali lamulo loti wosewera akwanitse magemu 65 kuti aganiziridwe pa mphoto ngati MVP, ya wosewera wabwino koposa pa season, ndiye ena amaseweretsedwa kuti nambala ikwane. Musanataye tulo, onani injury report madzulo, mukaona mayina atatu akuluakulu alembedwa Out, gonani.

Chachisanu: baseball muichite mosiyana, tebulo mulisiye kaye

Apa ndi pamene ndimakangana ndi anzanga ozolowera mpira wamiyendo. Timu ikagonja magemu anayi oyamba amayamba kale zoti coach achoke. Abale, magemu ndi 162. Tampa Bay Rays mu 2023 inayamba ndi kupambana 13 motsatizana osagonja, koma malo oyamba mu division, kagulu ka matimu kamene iwo ali, anatengedwa ndi Baltimore Orioles, ndipo mu playoffs Texas Rangers inawatulutsa pa magemu awiri okha. Washington Nationals mu 2019 inali 19-31 chakumapeto kwa Meyi, anthu atayikwirira kale, koma mu Okutobala ndi imene inanyamula World Series, chikho cha ligi yonse, itagonjetsa Houston Astros. Ndiye tebulo la Epulo ndi longoyang'ana ndi diso limodzi.

Chofunika kudziwa ndi kawerengedwe ka zotsatira. Timu yolembedwa koyamba kapena pamwamba ndi alendo, eni bwalo amakhala pansi, mosiyana ndi momwe tinazolowera. Mukaona Yankees @ Red Sox ndiye kuti gemu ili ku Fenway Park ku Boston. Gemu imakhala ndi ma inning 9, zigawo zimene timu iliyonse imakhala ndi mpata womenya, kumapeto kwa mzere kuli R, H ndi E. R ndi ma run, ndiwo zigoli, H ndi kangati anamenya mpira nkufika pa base bwinobwino, E ndi zophonya za ogwira. Wopambana ndi wa R wambiri basi, timu itha kukhala ndi H 11 nkugonja kwa ya H 5. Akafanana pakutha pa 9 amapitiriza, ndipo mu ma inning owonjezerawo amayamba ataika kale munthu pa second base kuti zithe msanga.

Matimu amasewera ma series, timu yomweyo masiku atatu kapena anayi otsatizana, ndiye funso labwino si loti tapambana dzulo, koma loti series tatenga? Kutenga awiri mwa atatu ndi ntchito yabwino, kutenga onse amati sweep.

Ndipo pa magemu akubwera, chinthu choyamba kuona ndi probable pitchers, amene ayambe kuponya. Timu imakhala ndi oponya oyambirira pafupifupi asanu osinthana, ndiye timu yomweyo Lolemba ndi Lachiwiri zimakhala ngati matimu awiri osiyana. Tsiku limene Paul Skenes akuponyera Pittsburgh Pirates kapena Tarik Skubal akuponya, limenelo ndi loyenera alamu. Pambali pa dzina pamakhala ERA, ma run amene amapereka pa ma inning 9, ikachepa ndiye bwino, pansi pa 3.00 ndi katswiri. Kwa omenya .300, ndiye kuti ma hit atatu pa maulendo 10 omenya, ndi yapamwamba. Koma sabata zoyambirira manambala amenewa ndi amisala, wina amaoneka ndi .450 wina ERA ya 11.00 chifukwa cha tsiku limodzi loipa, adikireni mpaka Meyi akhazikike.

Epulo kumpoto kwa America kumakhala kukuzizirabe, mvula, nthawi zina chipale, ndiye mukaona PPD gemu yaimitsidwa, kawirikawiri amadzasewera awiri tsiku limodzi. Onani zimenezi musanatchere alamu. Pa 15 Epulo mukaona aliyense wavala nambala 42 app sinasokonekere ayi, ndi tsiku lokumbukira Jackie Robinson amene pa 15 Epulo 1947 anasewera gemu yake yoyamba ndi Brooklyn Dodgers nkuthyola tsankho limene linkatsekera anthu akuda kunja. Ndipo pa 26 Epulo 2017 Gift Ngoepe wa ku South Africa kuno anasewera gemu yake yoyamba ndi Pirates, ulendo woyamba kugwira bat anamenya hit pa Jon Lester wa Chicago Cubs. Kwa ife a kumwera kwa Africa kuno imeneyo ndi nkhani.

Chachisanu ndi chimodzi: data ndi magetsi

Kuonera gemu yonse pa foni kumadya bandulo koopsa, NBA League Pass ndi MLB.TV nzolipira ndipo zimafuna khadi yolipirira pa intaneti. Amene muli ndi DStv, ESPN imaonetsa magemu ena, onani pa guide. Koma masiku ambiri simufunika video. Gameday ya mu app ya MLB imaonetsa mpira uliwonse woponyedwa ndi tizithunzi ndi mawu, yaulere ndipo sidya data yambiri, ya NBA nayo ili ndi play-by-play. M'mawa pitani pa YouTube pa channel ya NBA kapena MLB, ma highlights a mphindi pafupifupi 10, tsitsani quality ifike 360p, mpira umaonekabe. Ngati mukufuna kuonera osadziwa zotsatira, mu ma app onse awiri muli pobisa score, komanso gulu la WhatsApp lija musalitsegule, pamakhala m'modzi nthawi zonse amene sagona.

Foni ndi power bank zichajidwe madzulo. Ndinaphunzira movutika chaka china, magetsi anazima kutatsala mphindi zitatu mu quarter yomaliza, foni ili pa 4 peresenti.

Chomaliza: pangani ndondomeko ya sabata

Lamulungu madzulo ndimatsegula schedule ya sabata yonse, ndimasankha usiku uwiri wokha woti ndidzuke. Mu Epulo usiku umenewu ndimaupereka kwa NBA, makamaka matimu oyandikana pa mzere wa 6 kapena wa 10 akamakumana okhaokha, kenako play-in, kenako playoffs zimene ndi best of 7, woyamba kupambana anayi wadutsa, mpaka Finals mu Juni. Baseball ndimaisiyira Lamulungu madzulo ndi ma box score a m'mawa mu minibus popita ku ntchito. Chiyambireni pitch clock mu 2023 gemu imatha pa maola awiri ndi mphindi 40 kapena chapompo, ndiye ikayamba 7 koloko pofika 10 mwagona. Basketball ikatha mu Juni alamu ija ndimaisamutsira ku Dodger Stadium, 4 koloko m'mawa, bulangete kumutu poti ndi nthawi yozizira.