Momwe mabanja a pa poloti imodzi angakhazikitsire sola yogawana

Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kwa magetsi komwe kudatsatira ndi kumene kudachititsa mabanja asanu a pa poloti yathu ku Chilomoni kusonkherana ndalama zogulira sola imodzi.

Yambani ndi mwini poloti. Mugwirizane za denga lomwe mapanelo adzakhalepo, ndipo mulemberane pepala lofotokoza zomwe zidzachitike banja lina likasamuka. Mapanelo ayang'ane kumpoto, pamalo pomwe mthunzi wa mitengo sufika.

Kenako werengani mawati a chipangizo chilichonse cha m'nyumba iliyonse, ndipo apa ndi pomwe ife tidalakwitsa. Tidawerenga mababu, mawailesi a kanema ndi matchaja a foni, koma za simbi tidangogwirizana pakamwa kuti palibe adzaigwiritse ntchito. Babu la LED limadya mawati osakwana 10, pomwe simbi imodzi imadya mawati 1,000 kapena kuposerapo. Komabe anthu ankasita zovala za ana a sukulu mbandakucha, nthawi yomwe mabatire amakhala atagwira kale ntchito usiku wonse, ndipo batire ya asidi ikamatsitsidwa kupitirira theka tsiku ndi tsiku imafa msanga. Chaka chisanathe, magetsi ankazima tisanadye nsima ya madzulo, ndipo mabanja adayamba kulozana zala. Chomwe chidathetsa mkanganowo ndi buleka (switchi yomwe imadzizimitsa yokha magetsi akapitirira mlingo) ya maampu 2 pa waya wopita kunyumba iliyonse, yomwe imalola mawati pafupifupi 460 okha, kotero kuti wolumikiza simbi amazimitsa nyumba yake yokha. Ikani mabulekawa tsiku loyamba lomwe, chifukwa mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa batire.

Pogula zipangizo, chenjerani ndi ogulitsa ena omwe amapenta mabatire akale n'kuwatcha atsopano. Batire ya asidi ikapepuka kuposa inzake ya kukula komweko, isiyeni, ndipo musalipire popanda lisiti ndi chikalata cha waranti. Ya lithium ndi yodula, koma imakhalitsa.

Wolumikiza mawaya akhale ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo mawaya a sola asakumane ndi a ESCOM. Sankhani msungichuma, muzisonkha mwezi uliwonse ndalama zodzagulira mabatire ena, ndipo muzipukuta mapanelo m'miyezi ya fumbi.