Momwe Mungafikitsire Otsatira Anu a pa Facebook ndi WhatsApp pa Webusayiti ya Bizinesi Yanu

Amalonda ambiri amene anatsegula webusayiti amadandaula za vuto lofanana. Peji yawo ya Facebook ili ndi otsatira zikwizikwi, zithunzi zimene amaikapo zimalandira malayiki ndi ndemanga, koma pa webusayiti imene anawonongerapo ndalama kuti ikonzedwe pamafika anthu owerengeka chabe, ndipo ogula kudzera pamenepo ndi ochepa kuposa apo. Malangizo awa ndi a inu amene muli kale ndi otsatira, ndipo mukufuna kuti ena mwa iwo azichoka pa Facebook, Instagram kapena WhatsApp n'kufika pamalo anuanu pomwe katundu, mitengo ndi njira zolipirira zalembedwa mwadongosolo.

Poyamba tigwirizane chifukwa chake ntchitoyi ili yofunika, popeza ena amafunsa kuti ngati malonda akuyenda pa Facebook, webusayiti ndi yachiyaninso. Peji ya Facebook ili ngati munda wobwereka: mumalimamo, mumakololamo, koma mwini wake akhoza kusintha malire kapena kukulandani popanda kukufunsani. Mwini wake ndi kampani ya Meta, yomwenso ili ndi Instagram ndi WhatsApp. Mu Januwale 2018, Mark Zuckerberg, mkulu wa kampaniyi, analengeza kuti Facebook iyamba kuonetsa anthu zolemba za abale ndi anzawo kwambiri kusiyana ndi za mabizinesi ndi nyumba zofalitsa nkhani, ndipo palibe wamalonda amene akanaletsa zimenezo. Pa 4 Okutobala 2021, Facebook, Instagram ndi WhatsApp zinazima zonse pamodzi kwa maola pafupifupi 6 dziko lonse lapansi. Ku Uganda boma linatseka Facebook mu Januwale 2021, ndipo ku Nigeria Twitter inaletsedwa kuyambira Juni 2021 mpaka Januwale 2022. Koma chimene chimagwera amalonda ang'onoang'ono kawirikawiri n'chapafupi kuposa izi: akuba a pa intaneti amalanda peji kapena nambala ya WhatsApp, ndipo otsatira onse amene munawasonkhanitsa kwa zaka amapita nayo limodzi. Webusayiti ndi yanu, dzina lake munalilembetsa nokha, ndipo zimene mwalembapo zimapezeka pa Google ngakhale patapita chaka, pomwe positi ya lero imakwiririka ndi zina mawa lomweli.

Sindikunena kuti musiye peji yanu. Anthu ali komweko ndipo sachokako msanga. Chimene chikufunika n'chakuti pejiyo igwire ntchito yoitana, webusayiti igwire ntchito yolandira.

Chopinga choyamba, chomwe malangizo ochokera kumaiko olemera sachitchula n'komwe, ndi bandulo. Kuno anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha, chifukwa ndiyo yotsika mtengo, ndipo bandulo yotere sitsegula mawebusayiti ena. Munthu amaona positi yanu, amasangalala nayo, amadina linki, kenaka foni imangozungulira osatsegula kanthu, iye n'kubwerera kukaona zina. Inu mumaganiza kuti sanachite chidwi, pomwe chidwi anali nacho koma deta analibe. Palinso ena amene ali ndi bandulo ya intaneti yonse koma amaisamala kwambiri, moti sadina chilichonse asanatsimikize kuti chili kutsogoloko n'choyenera mamegabayiti awo. Mfundo ziwiri zikutuluka pamenepa. Yoyamba, positi iliyonse ikhale ndi uthenga wokwanira kuti ngakhale wosatha kudina adziwe chimene mukugulitsa ndi nambala yokupezerani. Yachiwiri, amene wadinayo apeze chinthu chimene sakanachipeza pa positipo, ndipo achipeze mwamsanga.

Nkhani yonse yagona pa chinthu chimenechi. Kulemba kuti "pitani pa webusayiti yathu kuti mudziwe zambiri" sikusuntha munthu, chifukwa simunamuuze kuti zambirizo ndi ziti. Tiyerekeze ndi mlimi amene amagulitsa anapiye a nkhuku za Mikolongwe. Akaika chithunzi cha anapiye m'katoni n'kulemba kuti afika, anthu amafunsa mtengo m'ndemanga, iye amayankha mmodzimmodzi, ndipo webusayiti ilibe gawo pa zonsezi. Koma atalemba pa webusayiti ndondomeko yonse ya kasamalidwe ka anapiye m'masabata oyambirira, yofotokoza kutentha koyenera m'khola, chakudya, ndi nthawi yoperekera katemera wa chitopa ndi gumboro, ndiye pa Facebook n'kuikapo mfundo imodzi yokha yothandiza, monga yakuti anapiye akaunjikana pansi pa mbaula ndiye kuti akumva kuzizira pomwe akathawira m'mbali ndiye kuti kwatentha, n'kumaliza kuti ndondomeko yonse ya katemera ili pa linkiyi, woweta nkhuku aliyense ali ndi chifukwa chodinira. Akafika kumeneko amawerenga, amaona kuti mwini wake amazidziwa nkhuku, ndipo pansi pa nkhaniyo amapeza mtengo wa anapiye ndi tsiku limene gulu lotsatira lituluke. Wosoka zovala za chitenje angachite chimodzimodzi ndi tsamba loonetsa momwe munthu angadziyezere yekha ndi tepi kuti atumize miyeso ali kutali, ndipo mwini malo ogona alendo ku Mangochi angaike masiku amene zipinda zili zopanda anthu, mitengo ya nyengo ya Khirisimasi, ndi mayendedwe ochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Mwa kuona kwanga, tsamba limodzi lothandizadi chotere limabweretsa alendo kuposa mapositi makumi awiri ongopempha anthu kuti adine.

Linki ipite pamalo penipeni pomwe pali chimene mwalonjeza. Amalonda ambiri amalakwitsa potumiza aliyense patsamba loyamba la webusayiti, pomwe pali mbiri ya kampani ndi chithunzi cha mwini wake, n'kusiya mlendo kuti afufuze yekha nsapato imene anaiona pa Facebook. Pa foni yaing'ono, ndi netiweki yovuta, safufuza. Ngati positi ikunena za nsapato zakuda za ana asukulu, linki itsegule tsamba la nsapato zomwezo, mtengo ukuoneka osafunika kutsika pansi.

Malo oika linki amasiyana pa pulogalamu iliyonse, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Pa Facebook linki imadinika m'positi ndi m'ndemanga, komanso pejiyo ili ndi batani pamwamba limene mungaliloze ku webusayiti. Pa Instagram linki yolembedwa pansi pa chithunzi sidinika, choncho iikidwe pa bio (malo ofotokoza za inu pamwamba pa akaunti yanu), pomwe kuyambira 2023 amalola malinki mpaka 5, kapena pa Story (yofanana ndi Status ya pa WhatsApp) pogwiritsa ntchito sitika ya linki. Pa WhatsApp, yomwe kwa amalonda akuno ndiyo yofunika kuposa zonse, Status imakhala maola 24 okha ndipo amaiona ndi anthu amene anasunga nambala yanu inunso munasunga yawo, kutanthauza kuti ndi anthu okudziwani kale, osavuta kuwakopa. WhatsApp Business ndi yaulere, ili ndi malo olembapo adiresi ya webusayiti, ili ndi kabuku koonetsera katundu komwe chinthu chilichonse chingakhale ndi linki yake, ndiponso ili ndi uthenga wolandirira munthu amene wakulemberani koyamba, momwe mungaikemo linki ya tsamba la mitengo kuti asadikire mpaka mudzuke.

Dziwaninso kuti makampaniwa amapeza ndalama anthu akamakhalitsa pa mapulogalamu awo akuona zotsatsa, choncho alibe chifukwa chokankhira patsogolo positi yotulutsa anthu kunja. N'chifukwa chake si nzeru kuika linki pa chilichonse. Mapositi ambiri akhale ocheza ndi anthu pomwepo, oyankha mafunso, oonetsa ntchito ikugwiridwa, ndipo linki ibwere pamene pali chifukwa chenicheni.

Kenaka pali nkhani ya kukhulupirirana, yomwe ndimaiona kuti ndi yaikulu kwambiri. Anthu aberedwa ndi malinki olonjeza deta yaulere, ntchito za kunja ndi mphoto zabodza, ndipo aphunzira kuopa linki yosadziwika. Musawadzudzule, akuchita bwino. Chimene inu mungachite n'kuonetsetsa kuti adiresi ya webusayiti ili ndi dzina la bizinesi yanu lomwe akulidziwa, kaya ikuthera pa .mw kapena .com, ndipo ikuyamba ndi https kuti foni isawachenjeze kuti malowa ndi osatetezeka. Malinki ofupikitsidwa, amene amangooneka zilembo zosakanikirana, apeweni pa WhatsApp chifukwa ndi omwe akuba amakonda. Mukaika linki, dikirani kamphindi kuti kachithunzi ndi mutu wake zituluke musanatumize. Ngati kachithunziko sikatuluka kapena katuluka kolakwika, uzani amene anakukonzerani webusayiti kuti akonze zizindikiro za Open Graph, zomwe zimauza Facebook ndi WhatsApp chithunzi ndi mutu zoti zioneke pa linki, ndipo chida chaulere cha Facebook chotchedwa Sharing Debugger chimaonetsa momwe linki idzaonekere kwa anthu.

Webusayitiyo iyesedwe pa foni yotsika mtengo, osati pa kompyuta ya mu ofesi yolumikizidwa ku Wi-Fi. Bwerekani foni ya wantchito wanu, zimitsani Wi-Fi, tsegulani linki ndi deta ya Airtel kapena TNM, muone nokha nthawi imene ikutenga. Kawirikawiri cholemetsa ndi zithunzi zoikidwa monga zinatulukira mu kamera, chimodzi cha mamegabayiti 4 kapena 5, pomwe chikanachepetsedwa kufika pa makilobayiti 200 chikuonekabe bwino. Makanema odziyambira okha achotsedwe. Chida cha Google chotchedwa PageSpeed Insights n'chaulere ndipo chimatchula chimene chikuchedwetsa tsamba. Mlendo akafika aone zinthu zimene wogula wakuno amafunsa nthawi zonse: mtengo m'makwacha, komwe muli, ngati mumatumiza katundu kumaboma ena ndi njira yake, komanso ngati mumalandira Airtel Money, Mpamba kapena kudzera ku banki. Ikaninso batani lobwezera munthu ku WhatsApp yanu, pogwiritsa ntchito linki ya wa.me yotsatizana ndi nambala yanu yoyamba ndi 265, chifukwa ogula ambiri amafuna kulankhula ndi munthu asanatulutse ndalama. Wina angaone ngati kutero n'kuzungulira pachabe, koma wobwerera ku WhatsApp atawerenga tsamba amabwera akudziwa kale mtengo ndi chimene akufuna, ndipo kukambirana naye kumafupika.

Musagwire ntchitoyi mongoganizira. Google Analytics ndi yaulere ndipo imaonetsa kuchuluka kwa alendo, komwe achokera ndi masamba amene awerenga. Pali chinthu chimodzi chosokoneza: anthu odina linki pa WhatsApp nthawi zambiri amawerengedwa ngati olowa mwachindunji, ndiye mukhoza kuganiza kuti WhatsApp sikubweretsa aliyense. Njira yake n'kuwonjezera kumapeto kwa linki timawu totchedwa UTM, tonena kuti linkiyi ndi ya pa Status, iyi ndi ya pa Facebook, ndipo Google ili ndi chida chokonzera malinki otere chotchedwa Campaign URL Builder. Pakatha mwezi yang'anani kuti ndi mapositi ati amene anabweretsa anthu, ndi tsamba liti limene anatulukirapo osachita kanthu. Chiwerengero chofunika si cha malayiki koma cha amene anafika n'kufunsa mtengo kapena kugula.

Mlendo amene wafika musamulole kupita osasiya njira yomupezera, apo ayi mudzafunika Facebook kuti mumupezenso. Mupempheni nambala kapena imelo, ndipo mumuuze momveka chimene muzimutumizira ndi kangati, monga uthenga umodzi pamene anapiye atuluka. Chilolezo chake n'chofunika, ndipo Malawi ili ndi lamulo loteteza zinthu zachinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, lomwe amaliyang'anira ndi a MACRA. Kulowetsa anthu m'gulu la WhatsApp osawapempha, kapena kugawa manambala a makasitomala kwa amalonda ena, kumawononga dzina lanu mofulumira kuposa momwe kungakulitsire malonda.

Otsatira ogulidwa ndi ndalama apeweni kotheratu. Ambiri mwa iwo si anthu enieni, sadina ndipo sagula, komanso amasokoneza ziwerengero zimene mukufuna kuphunzirapo. Kulipira Facebook kuti positi ifike kutali n'kosiyana, ndipo kungathandize, koma dikirani kaye mpaka mutapeza positi imene yabweretsa alendo payokha popanda kulipira, webusayiti itayesedwa kale pa foni. Polipirapo sankhani cholinga chofikitsa anthu pa webusayiti osati chochulukitsa malayiki, sankhaninso dera limene mungathedi kutumizako katundu, ndipo yambani ndi ndalama yochepa kwa masiku owerengeka. Kumbukirani kuti malipirowa amafuna khadi la banki lololedwa kulipira kunja, choncho funsani kaye ku banki yanu za malire ake musanalonjeze anthu kutsika mtengo kumene kudalira kutsatsako.