Mmene mungapangire holide ya masiku atatu ku Whitby ndi ana

Anzathu amene muli kuno ku England, makamaka cha ku Leeds, Manchester kapena Nottingham, ana akatsekera half term (holide yaifupi ya pakati pa teremu) musamangowasiya pa TV inu muli pa mashifiti. Masiku atatu akukwana kukafika ku Whitby, tauni ya asodzi ku North Yorkshire, komwe nyanja ndi midzi ya alimi a nkhosa zili moyandikana.

Yambani ndi pogona. Ine ndimati hotela isiyeni, pezani karavani kapena kanyumba ka lendi kokhala ndi khitchini, chifukwa kudya mu lesitilanti katatu patsiku banja lonse ndalama imatha tsiku loyamba lomwelo. Nyamulani ufa ndi mthiko wanu, ndiwo mukagula konko. Bukitsani msanga poti kumapeto kwa May ndi mu August mitengo imakwera zedi, koma musajombetse ana kusukulu kuti mupeze zotchipa, akhonsolo amatchaja faindi.

Pa galimoto dzerani ku Pickering mutenge msewu wa A169 wodutsa mu North York Moors, mu August mapiri onse amakhala pepo ndi maluwa a heather, koma yendetsani pang'onopang'ono chifukwa nkhosa zimangogona pamsewu. Pa sitima mumasinthira ku Middlesbrough, ndipo khadi yotsitsira mtengo wa sitima yotchedwa Family & Friends Railcard imachotsa 1/3 pa tikiti ya wamkulu ndi 60% pa ya mwana, ana osakwana zaka 5 salipira.

Tsopano nkhani yaikulu ndi madzi. Ife tinazolowera ku Mangochi kapena ku Salima komwe nyanja imakhala pomwe mwaisiya, kuno ayi, madzi amaphwa ndi kudzaza kawiri patsiku ndipo amabwerera mwakachetechete koma mwachangu. Ndiye musanapite ku Robin Hood's Bay, kamudzi kotsetsereka kummwera kwa Whitby, onani kaye pafoni nthawi za tide, kuphwa ndi kudzaza kwa madziku. Fikani madzi akuyamba kuphwa, ana akasakesake tinkhanu m'timaenje ta m'miyala, mwina atolanso timiyala tozungulira ngati nkhono totchedwa ammonite, ndipo tulukaniko madzi asanayambe kubwerera. Musakhale m'munsi mwa zigwembe, miyala imagumuka. Galimoto isiyeni pamtunda chifukwa kumunsi kulibe poimika, ndipo pobwerera chitunda chake nchowawa ngati muli ndi pramu, kuli bwino kungomubereka mwana pa chitenje. Wofuna kusambira asambe pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu pomwe pali ma lifeguard, madzi a North Sea ndi ozizira ngakhale mu July. Pakachitika ngozi imbani 999 munene kuti mukufuna Coastguard, opulumutsa anthu panyanja.

Tsiku lina kwerani masitepe 199 opita ku mabwinja a Whitby Abbey, ana aziwerenga okha sangadandaule kutopa. Potsika gulani fish and chips koma muphimbe bwino, mbalame za kunyanjako zimalanda chakudya m'manja mwenimweni.

Tsiku lomaliza ngati ndalama ilipo kwerani sitima ya malasha ya North Yorkshire Moors Railway mpaka ku Goathland, mukayende timanjira ta public footpath, geti lililonse mwatsegula mutsekenso nkhosa za eni zingatuluke. Aliyense akhale ndi jekete ya mvula ndi nsapato zoti zide ndi matope, ngakhale m'mawa kutacha ndi dzuwa.