Manambala a makina opumira: mmene timawatumizira kwa adokotala pa foni

Bambo a kunyumba kwanga amaliza mkonono womveka mpaka kumsewu. Phokosolo ndinalizolowera. Chimene chinkandiopsa ndi pamene ankangoti zii, osapuma, kenako n'kudzambatuka ngati munthu wotsamwa. Ku Blantyre adokotala anati ndi sleep apnea: munthu akagona minofu ya pakhosi imafooka, njira ya mpweya n'kutsekeka. Anatilangiza makina a CPAP, omwe amakankha mpweya kudzera m'paipi ndi masiki kuti khosi lisatsekeke.

Ife timakhala ku Luchenza. Kukwera minibasi mwezi ndi mwezi kukangoonetsa makina, thumba silingalole. Ndiye tinapangana kuti Lolemba lililonse tizitumiza manambala pa WhatsApp.

M'mawa mukadzuka, tsegulani lipoti pa kagalasi ka makinawo n'kulijambula ndi foni. Choyamba kuona ndi maola amene masiki anali kumaso. Muyeso umene madokotala ambiri amatsata ndi maola 4 kapena kuposa, masiku 7 pa masiku 10 alionse. China ndi AHI, yomwe imanena kuti pa ola limodzi kupuma kunaima kapena kuchepa kangati. Ikakhala pansi pa 5 ndiye kuti zikuyenda. Onaninso mpweya wothawira m'mbali mwa masiki. Makina ena amatumiza okha pa netiweki, ena amasunga pa kakhadi ka SD, koma ife chithunzi chimatikwanira, sichidyanso bandulo yambiri.

Pansi pa chithunzicho lembani zimene zinachitika, osabisa. Sabata yachitatu abambo anauza adokotala pa foni kuti, "Ndikuvala usiku wonse," pomwe makina akuonetsa maola 2. Ndinaulula ndine kuti ikamakwana 11 koloko amavula n'kuponya pampando, chifukwa masiki ankawasupula pamphuno. Tsiku limenelo nsima anadya osandiyankhula. Adokotala anatiimbira pa vidiyo, anaona kuti lamba tinkamangitsa kwambiri, ndipo anatisonyeza pomasula. Anatinso azivala masana kwa kanthawi akumvera wailesi, kuti nkhope izolowere. Patatha masabata awiri maola anafika 6.

Sungani kope pafupi ndi bedi. Magetsi akathima lembani nthawi yake, kuopa kuti adokotala angaganize kuti wodwala wachita ulesi. Ife tinagula batire. Tikalumikizako timazimitsa kothukutsira madzi, kachigawo ka makinawo kamene kamatenthetsa madzi kuti mpweya usakhale wouma, chifukwa n'komwe kamamaliza moto msanga.

Mu June ndi July, chiperoni chikatsika, nthunzi imasanduka madzi m'paipi, n'kumamveka kuti gudugudu, madontho ena mpaka kumaso. Lowetsani paipiyo m'bulangete, makina akhale m'munsi pang'ono kuposa mutu. Izinso anatiuza pa foni pomwepo.

Mphamvu ya mpweya musaisinthe nokha, ngakhale mphwanu wodziwa mafoni anene kuti waona pa YouTube. Imeneyo ndi ntchito ya adokotala akaona manambala.

Foni ili ndi malire ake. Munthu akamasinzabe masana, makamaka ngati amagwira chiwongolero monga abambowa, akamadzuka mutu ukuwawa, kapena AHI ikamangokwera, musadikire Lolemba, imbani tsiku lomwelo. Akamva kupweteka pachifuwa, thamangirani kuchipatala. Ndipo tsiku loonana ndi adokotala maso ndi maso likakwana, nyamulani makina, masiki, kakhadi ndi kope lija.