Potsika Chiweta musadalire mabuleki okha

Ngati mukupita ku Karonga pa msewu wa M1 kuchokera ku Lilongwe, thirani mafuta ku Kasungu, mukadzazenso thanki ku Mzuzu. M'nkhalango ya Chikangawa nkhungu imatha kuphimba msewu. Yatsani magetsi aafupi, aatali amangokuthobwani m'maso.

Koma poopsa penipeni ndi pa Chiweta, pomwe msewu umatsika mokhotakhota kulowera kunyanja. Musanayambe kutsetsereka ikani giya 2, kapena L ngati galimoto ndi ya otomatiki, kuti injini izigwira liwiro. Mukapondereza buleki mtunda wonsewo, mapadi amatentha, mafuta a mabuleki amawira, kenako phazi limangolowa pansi koma galimoto osaima. Pondani mwamphamvu kwa kanthawi, musiye azizire, mupondenso. Mukamva fungo la kupsa, imani pamalo otakasuka kwa mphindi 30. Chonde musathire madzi pa madisiki otentha, amapindika.

Mafuta a mabuleki akatha zaka 2 amakhala atayamwa chinyezi, n'chifukwa chake sachedwa kuwira. Asintheni musananyamuke. Pokhota paliponse khalani kumanzere ndithu, poti malori a mafuta ochokera ku Dar es Salaam amadya mbali yanu akamakwera.