Momwe mungathandizire thupi lanu kupanga melatonin kuti tulo tibwere msanga

Ngati mumagona koma maso ali gwa mpaka tambala woyamba, musathamangire mapiritsi ogonetsa. Yambani mwaona kuwala kwa m'nyumba mwanu ndi mankhwala amene mukumwa kale.

Melatonin ndi homoni (mankhwala achilengedwe a m'thupi) yothandiza kubweretsa tulo, yopangidwa ndi pineal, kachiwalo kakang'ono ngati njere ya mpunga komwe kali pakati pa ubongo. Kukada, maso amatumiza uthenga ku ubongo, homoniyi imayamba kuchuluka patatsala maola pafupifupi awiri kuti mugone, ndipo imafika pachimake cha m'ma 2 mpaka 4 koloko usiku. Kuwala kumaitsekereza, makamaka kwa mtundu wa buluu kochokera m'mafoni, makompyuta ndi mababu oyera a LED.

Ntchito imayambira m'mawa. Mukadzuka, tulukani panja, kaya mukusesa pabwalo kaya mukupita ku msika, mukhale padzuwa mphindi ngati 20. Dzuwa la m'mawa ndi limene limakonza wotchi ya m'thupi kuti madzulo melatonin ituluke pa nthawi yake.

Madzulo, ola limodzi kapena awiri musanagone, zimitsani babu loyera lija, musiye lofiirira losawala kwambiri. Foni ndiye yovuta kusiya, ndikudziwa, koma WhatsApp ya pabedi imanamiza ubongo kuti kukadali masana. Ngati n'kofunikadi, chepetsani kuwala kwa sikirini. Kuchipinda kukhale mdima ndithu.

Khofi, tiyi wamphamvu, Coca-Cola ndi ma energy drink zilekeni nkhomaliro ikadutsa, chifukwa theka la caffeine, chinthu chothawitsa tulo chimene chili m'zakumwazi, limakhalabe m'magazi patapita maola pafupifupi 5. Mowa umagwetsa munthu msanga, koma umachepetsa melatonin ndipo tulo take n'toduladula.

Pomaliza, tulutsani mankhwala onse amene mumamwa, muwaone bwino. A BP monga atenolol ndi propranolol amachepetsa melatonin ya usiku, n'chifukwa chake ena owamwa amadandaula za kusowa tulo ndi maloto ovuta. Ibuprofen ndi aspirin womwa madzulo amathanso kuichepetsa. Fluvoxamine, mankhwala a nkhawa ndi kukhumudwa, amachita zosiyana: amaichulukitsa m'magazi, choncho osamuphatikiza ndi mapiritsi a melatonin mwachisawawa.

Chonde, mankhwala a BP osasiya nokha. Kuwasiya mwadzidzidzi kungakweze BP ndi kuvulaza mtima. Tengani buku lanu la kuchipatala, muwafotokozere adokotala za tulo tanu, awone ngati angasinthe nthawi yomwera kapena mtundu wa mankhwalawo.